Kodi Nkubwerera Kotani Kumene Kumakondweretsa Angelo?

PA December 9, 2017, tsiku lokumbukira ufulu wa dzikolo, Pulezidenti John Magufuli wa Tanzania anakhululukira akaidi oposa 8,000. Pakati pawo panali oimba aŵiri otchuka, Nguza Viking ndi mwana wake Johnson Nguza. Mu 2004 khoti linawalamula kukhala m'ndende kwa moyo wonse kaamba ka kugona ana asukulu, mlandu umene iwo anaukana. Pamene anatuluka m'ndende ya Ukonga mu Dar es Salaam, ambiri anawalandira mokondwera. Komabe, otetezera ana anadandaula kwambiri, akumalingalira za atsikana ochimwiridwawo.

Kodi chimwemwe cha tsikulo nchofanana ndi chimene Yesu anafotokoza m'Luka chaputala 15? Osati kwenikweni. Wolamulira angatsegule chipata cha ndende, koma sangapende mtima wa wotulukapo, ndipo nalonso khamu silingatero. Yesu anasonyeza kuti chimene chimakondweretsa angelo ndicho kulapa kwa wochimwa. (Luka 15:7, 10) Mwana woloŵerera wa m'fanizo lake sanangofika panyumba. Anavomereza tchimo lake popanda kudzilungamitsa, ndipo anali wokonzekera kukhala wantchito wamba wa atate wake.

Kulapa koteroko sikumaiŵala wochimwiridwa. Zakeyu, mkulu wa amisonkho wa ku Yeriko, analonjeza kubwezera kanayi aliyense amene anamlanda kanthu. Pamenepo mpamene Yesu analengeza kuti chipulumutso chinafika panyumbapo.—Luka 19:8, 9.

Koma bwanji ngati kulapako kuli kwenikweni? Pamenepo chiyeso chimatembenukira kwa awo amene sanachoke konse. Mkulu wake wa mwana woloŵererayo anakana kuloŵa m'nyumba ya phwando, akumaŵerengera zaka zimene anatumikira mokhulupirika. Dandaulo lake nlomveka, ndipo atate wake sanatsutse kukhulupirika kwakeko. Iwo anangomkumbutsa kuti wobwererayo anali mbale wake, pamene kuli kwakuti iye anamtcha mwana wa atate wake chabe.

Mpingo wa ku Korinto unayang'anizana ndi chiyeso chimodzimodzicho. Unali utalanga wochimwa wina, mwachionekere mwamuna wachisembwere amene mtumwi Paulo analamula kuti achotsedwe. Pamene mwamunayo anamva chisoni chenicheni, Paulo anachonderera Akorintowo kumkhululukira, kumtonthoza, ndi kumtsimikizira chikondi chawo, kuwopera kuti chisonicho chingammize.—1 Akorinto 5:1, 13; 2 Akorinto 2:6-8.