Kodi Munthu Akaiwala Zonse, Umunthu Wace Watha?

Boma la Chiradzulu liri pa khomo peni peni pa mzinda wa Blantyre, ndipo ana ambiri a ku Nguludi, ku Namitambo ndi ku Mbulumbuzi agwira nchito ku Limbe, nakhala ku Bangwe kapena ku Ndirande. Kholo likakalamba, anawo alitengera ku tauni kuti likhale pafupi ndi cipatala. Koma nthawi zina pakapita miyezi alibwezera ku mudzi, nati: "Amai asintha. Ateleka mphika naiwala, aturuka usiku nasokera, ndipo dzulo anafunsa mwana wobala okha kuti ndiwe yani." Ku mudzi nako anthu ayamba kunong'onezana, ndipo liu limene limveka ndilo ufiti. Apa pabuka funso lalikuru: kodi munthu amene waiwala dzina lace ndi nkhope za ana ace akali munthu yemwe uja, woyenera ulemu womwe uja?

Poyamba nkofunika kudziwa kuti iyi ndi nthenda ya bongo, imene madotolo aicha dementia. Siiri ukalamba wamba, pakuti nkhalamba zambiri zifika ku manda nzeru ziri zonse. M'caka ca 1906 dotolo wa ku Germany, Alois Alzheimer, anafotokoza za mai wina amene anataya cikumbumtima ca zinthu pang'ono pang'ono. Atamwalira, dotoloyo anapeza kuti bongo wace unali utaonongeka. Bungwe la za umoyo la dziko lonse, WHO, linawerenga kuti m'caka ca 2021 odwala nthendayi anali 57 miliyoni, ndipo oposa 60 mwa 100 alionse anali m'maiko osalemera.

Nanga m'mizinda ya mu Afrika icuruka bwanji? Madotolo anapima anthu a zaka 65 ndi kuposerapo m'mizinda iwiri, nalengeza m'caka ca 2010 kuti ku Bangui odwala anali 8 mwa 100 alionse, ndipo ku Brazzaville anali pafupi fupi 7. Koma m'midzi ya ku Hai, m'munsi mwa phiri la Kilimanjaro, kafukufuku wa 2013 anapeza 6 mwa 100 pakati pa anthu a zaka 70 ndi kuposerapo. Ndiko kunena kuti nthendayi siisankha tauni kapena mudzi. Cimene tauni icita ndico kuiika poyera. Ku mudzi nkhalamba idziwa njira ya ku citsime cifukwa mapazi ace aiyenda zaka makumi makumi, ndipo ikasokera, wina aigwira dzanja naibweza. M'tauni nyumba zifanana, anansi ndi acilendo, ana acoka m'mamawa nabwera dzuwa litalowa. Wodwala asandulika katundu, ndipo katundu akalemera atulidwa.

Alipo ena amene aganiza motere: munthu ndiye nzeru zace, nzeru zikatha, catsala ndi cikungwa cabe. Maganizo amenewa aoneka ngati a nzeru, koma agwa msanga. Khanda la sabata limodzi silidziwa dzina la amace, komabe palibe anena kuti si munthu. Munthu wogona tulo sakumbukira kanthu, koma womupha ali m'tulo ndi wambanda ndithu. Ulemu wa munthu sucokera ku zimene akumbukira kapena ku nchito imene agwira; ucokera kwa Mulungu amene anamlenga m'cifaniziro cace, ndipo nthenda siingafafanize cifaniziro cimeneco. Ndiponso ubale sukhala m'mutu wa munthu mmodzi yekha. Mai angaiwale kuti anabala, koma mwana sanaleke kukhala wobadwa. Lamulo lacinai silinaike malire akuti kholo lilemekezedwe pokha pokha likali ndi nzeru, ndipo buku la Mphunzitsi mwana wa Sira, pa mutu 3, licenjeza mwana kuti asanyoze atate ace ngakhale nzeru zao zitacepa.

Coopsa koposa ndi dzina lija la ufiti. Nkhalamba yodwala ipezeka usiku pa khomo la eni, mwina yosabvala bwino. Ikafunsidwa ibvomera ciri conse, pakuti siimva cimene afunsa, ndipo khamu liyesa kuti yaulula. Kumene dzina limeneli lifikitsa anthu kunaoneka ku Neno mu January 2016, pamene nkhalamba zinai zinaphedwa cifukwa mtsikana wina anafa ndi mphenzi. Lamulo la dziko la 1911 liletsa kuchula munthu mfiti, ndipo m'caka ca 2024 Nyumba ya Malamulo inabvomereza lamulo lochinjiriza okalamba. Koma lamulo lifika mocedwa ngati anansi akhala cete.

Mankhwala ocizira nthendayi sanapezeke, koma cocita ciripo. Wosokonezeka atengedwe ku cipatala, ca boma ku Chiradzulu kapena ca St Joseph ku Nguludi, pakuti kusokonezeka kwina kudza ndi malungo kapena matenda ena ocizika. Akatswiri a The Lancet analemba m'caka ca 2024 kuti pafupi fupi theka la nthendayi lingapewedwe kapena kucedwetsedwa mwa kusamala zinthu 14, monga kuthamanga kwa magazi, shuga, fodya, mowa wambiri, kugontha ndi kukhala pa wekha. Wodwala asatsutsidwe pa ziri zonse, asamangidwe ndi cingwe, asasunthidwe kawiri kawiri. Ambiri aiwala maina koma atsata nyimbo ndi mapemphero a pa ubwana wao. Ndipo mwana wamkazi amene asenza yekha mtolo umenewu alandiridwe ndi abale ace a ku tauni ndi Akristu a m'limana, ngakhale tsiku limodzi pa sabata.

Aphunzitsi a mpingo anene poyera m'midzi yao kuti iyi ndi nthenda. Amene lero ali ndi zaka 40 akumbukire mwambi wa makolo, kuti caona mnzako capita, mawa ciri pa iwe. Pamene kholo silingathenso kukumbukira kuti ndi yani, udindo wa ana ndi mpingo ndiwo kulikumbukirira.