Musathamangire kugula madisiki atsopano

Ana anga, inu amene mwatuluka kumene ku Mzuni, ku MUST kapena ku MUBAS, ntchito n'kukuponyani kuno ku Chitipa kumalire ndi Tanzania ndi Zambia, tandimverani pang'ono. Tsiku lina abwana adzakuitanani kuti seva ikuchedwa, anthu akudandaula, yankho lipezeke dzuwa lisanalowe. Pakamwa panu padzafulumira kubwera mawu akuti madisiki atopa, tigule ena. Mawu amenewo muyambe mwawameza.

Ku Lilongwe munthu akhoza kuphonya chotere osapwetekeka kwenikweni. Kuno ayi. Disiki ya seva si katundu wongopita n'kukatola pamsika wa pa Boma. Iyenera kuitanitsidwa kutali, idutse Mzuzu, itsike Chiweta, ifike ku Karonga, kenako ikwere makilomita pafupifupi 100 kubwera kuno. Kalata yopempha ndalama nayonso ili ndi ulendo wake m'maofesi. Ndiye katundu wafika patatha miyezi, mwamanga, seva n'kumachedwabe monga kale. Kuyambira pamenepo chilichonse chimene mudzapemphe adzayamba achikayikira.

Maseva akumaboma akutali musawayese nkhambakamwa. Ntchito ya Baobab Health itayamba pachipatala cha Kamuzu Central mu 2001, panabwera chizolowezi choika seva pachipatala pomwepo, kuti odwala azilembedwa ngakhale intaneti itaduka, ndipo njira imeneyi inafalikira kuzipatala zambiri zopereka ma ARV, database yake ili ya MySQL. Masukulu, makhonsolo ndi mabungwe a alimi nawonso akusunga zolemba zawo pamakina. Kaya mwatumizidwa pa Boma, ku Nthalire kapena ku Misuku kwa alimi a khofi, mudzakumana nayo seva, ndipo wodziwa za iyo pafupi mudzakhala inuyo nokha.

Zimene ndinene ndikuzitengera pa ZFS, poti ndiyo ambiri a inu mukuipeza mu TrueNAS, Proxmox ndi Ubuntu, koma nzeru yake imagwiranso kwina. ZFS inapangidwa ku Sun Microsystems ndi gulu la Jeff Bonwick ndi Matthew Ahrens, n'kutuluka mu 2005. Imamanga madisiki angapo kukhala gulu limodzi lotchedwa pool, ndipo seva imodzi ikhoza kukhala ndi ma pool awiri kapena atatu: ina ya ma SSD yosungira database, ina ya madisiki akuluakulu ozungulira yosungira mafayilo ndi ma backup. Vuto limayambira pamenepa. Nambala imene imatuluka mukayesa liwiro siinena chimene mwayesa. Inu mumati mwayesa madisiki, chonsecho mwayesa RAM, kapena chingwe cha netiweki, kapena purosesa.

Tiyambe ndi bodza lokoma, chifukwa ndi limene achinyamata mumalikonda. Mnyamata amatenga dd, n'kulemba ziro zokhazokha kuchokera ku /dev/zero kupita pa pool ya madisiki awiri ozungulira, makina n'kumuuza kuti walemba kupitirira MB 1,000 pa sekondi. Amajambula, n'kutumizira anzake pa WhatsApp. Koma disiki yozungulira ka 7,200 pa mphindi imapereka MB pakati pa 150 ndi 250 pa sekondi ikakhala pamtendere, ndipo chingwe cha SATA sichidutsa MB 600. Mukapita kwa venda ndi thumba la chimanga la makilogalamu 50, sikelo yake n'kuloza 90, simuvina kuti chimanga chaswana panjira. Mumadziwa kuti sikeloyo ndi yodwala, ndipo mawa idzakuberani. Chachitika apa n'chakuti ZFS, compression ikakhala yoyatsa, siilemba n'komwe ziro zimenezo pa disiki. Komanso zolembedwa zimayamba zaunjikana mu RAM, n'kumatsitsidwira pa disiki pafupifupi masekondi 5 alionse. Mayeso amasekondi atatu amatha disiki isanagwire ntchito iliyonse.

Powerenga ndi chimodzimodzi. ZFS imasunga mu RAM zinthu zimene zawerengedwa posachedwa kapena kawirikawiri, m'malo otchedwa ARC, ndipo pa Linux kwa zaka zambiri ARC inkaloledwa kutenga mpaka theka la RAM yonse. Fayilo yoyesera ikakhala yaing'ono, yonse imakwana mmenemo, ndipo ulendo wachiwiri disiki imangogona. Tsono pano mvetsetsani, inu a ma pool angapo: ARC ndi imodzi pa seva yonse. Ma pool onse amadyera mbale yomweyo. Mukayesa pool yoyamba pamene mafayilo ake ali kale mu RAM, yachiwiri n'kuiyesa ili yozizira, yachiwiriyo idzaoneka yaulesi popanda mlandu. Chotero fayilo yoyesera ikhale yaikulu kuwirikiza kawiri RAM ya sevayo, mayeso atenge mphindi zingapo, ndipo musiye dd, mutenge fio ya Jens Axboe, imene imakulolani kunena kukula kwa tizidutswa, kuchuluka kwa ogwira ntchito nthawi imodzi, ndi ngati mukuwerenga mondondoza kapena modumphadumpha. Ena amadalira direct=1 kuti alambalale RAM. Dziwani kuti OpenZFS kwa zaka zambiri inkangolandira lamuloli osalitsata, mpaka 2.3 imene inatuluka mu Januwale 2025. Onani kaye imene ili pa seva yanu.

Mawu akuti liwiro nawonso amabisa zinthu ziwiri zosiyana. Kukopera fayilo imodzi yaikulu ndi ntchito ina. Kutola tizidutswa ting'onoting'ono apa ndi apo ndi ntchito inanso. Disiki ya 7,200 imazungulira ka 120 pa sekondi, ndipo kamutu kake kayenera kusuntha kukafuna malo, n'chifukwa chake pa ntchito yodumphadumpha imangokwanitsa maulendo pafupifupi 100 pa sekondi. Kalaliki amene ali pawindo, mzere wa anthu uli kunja, safuna MB 200. Iye akufuna kuti dzina limodzi lituluke msanga. Seva ikhoza kupambana mayeso okopera fayilo yaikulu koma kalalikiyo n'kumangoyang'ana kachizindikiro kozungulira. Musanayese chilichonse, pitani mukaime pambali pa wodandaulayo muone ntchito imene ikuchedwa, nthawi yanji, tsiku lanji. Mayeso anu afanane ndi ntchito imeneyo. Database ya MySQL imagwira ntchito ndi tizidutswa ta 16K, ya PostgreSQL ta 8K, pamene ZFS ikasiyidwa mmene inabwerera recordsize yake ndi 128K. Kusintha kadutswa ka 16K mkati mwa chidutswa cha 128K kumachititsa makina kuwerenga ndi kulembanso chonsecho. Zimenezi zimakonzeka ndi mzere umodzi wa lamulo, popanda tambala, ngakhale kuti mafayilo akale muyenera kuwakoperanso kuti atengere muyeso watsopano.

Ndimamvanso ena akuti pool iyi ili ndi madisiki asanu ndi limodzi, iyo ili nawo anayi okha, bwanji ya anayi ikuthamanga kuposa? Funsani kamangidwe kake. Madisiki omangidwa mwa RAIDZ gulu limodzi, pa ntchito yodumphadumpha amayenda pafupifupi ngati disiki imodzi, chifukwa chidutswa chilichonse chimagawidwa pa onsewo. Omangidwa awiriawiri mwa mirror, gulu lililonse limagwira payekha. Onaninso kudzaza: pool yatsopano yopanda kanthu imalemba mosavuta, pamene yakale imene yadutsa 80 peresenti imayamba kusakasaka mipata. Onani ashift, muyeso wa kukula kwa sector, amene sasinthika gulu likamangidwa. Disiki ya ma sector a 4K itamangidwa ngati ya 512 imalemba movutikira moyo wake wonse. Kuyerekeza ma pool awiri musanalembe kusiyana konseku n'kuweruza mlandu mutamva mbali imodzi.

Pali zina zimene ma pool amagawana kupatula RAM: khadi lolumikizira madisiki, purosesa, magetsi, ndi khomo la netiweki. Yesani pool iliyonse payokha, kenako muziyese zonse nthawi imodzi. Zikapereka pamodzi zochepa kwambiri kuposa zimene zinapereka payokhapayokha, pali pakhosi pamodzi pamene zikupanikizana, ndipo madisiki atsopano sadzapatsegula. Chizindikiro china n'chosavuta. Mukayesera pakompyuta ya mu ofesi, pool ya SSD ndi ya madisiki ozungulira zonse n'kupereka MB pafupifupi 110, mwayesa chingwe, poti gigabit siidutsa MB 125 pa sekondi. Zikapereka 11 kapena 12, chingwe kapena switch yatsikira pa 100 megabit. Kwerani kudenga muone ngati makoswe sanadye waya. Netiweki iyeseni payokha ndi iperf3, madisiki muwayesere pa seva pomwepo. Disiki ya backup yolumikizidwa pa USB 2.0 nayo musaiyembekezere kudutsa MB 40, kaya ikhale yodula bwanji.

Kuona maso a nkhono n'kudekha. Musanayambe mayeso, lembani zpool status muone ngati makina sali kale pa ntchito ina. Pa Ubuntu ndi Debian, scrub, ntchito yowerenga pool yonse kufufuza zowonongeka, imadziyamba yokha Lamulungu lachiwiri la mwezi, ndipo pa pool yaikulu ikhoza kufika Lolemba anthu atayamba ntchito. Mayeso ali mkati, musapite kukamwa tiyi. Tsegulani windo lina, muyendetse zpool iostat -v, muyang'ane disiki iliyonse payokha. Kawirikawiri wolakwa ndi mmodzi: disiki imodzi imene ikuyankha mochedwa, anzake onse n'kumaidikira. smartctl idzakuuzani ngati yayamba kudwala. Werenganinso nambala ya mtundu wake, chifukwa mu 2020 zinadziwika kuti madisiki ena a WD Red a kampani ya Western Digital anali a mtundu wa SMR, umene umalemba bwino poyamba koma n'kugwa mphwayi ntchito ikapitirira, makamaka pomanganso pool disiki ina ikafa. Mukapeza wolakwa mmodzi, mupempha disiki imodzi, ndipo kalata yotero imayenda msanga.

Tsopano za kwathu kuno, zimene mabuku olembedwera kumaiko a magetsi osazima sazilabadira. Namondwe Ana atawononga siteshoni ya Kapichira mu Januwale 2022, dziko linataya mamegawati pafupifupi 130, ndipo kuzimazima kwa magetsi kunatopetsa mabatire ambiri. Seva ikakhala ndi khadi la RAID, khadilo limakhala ndi kabatire kake. Kakafooka, khadi limasiya kusunga zolembedwa mu RAM yake n'kuyamba kudikira disiki pa chilichonse. Liwiro lolemba limagwa tsiku limodzi, madisiki ali bwinobwino. Fumbi la m'chilimwe limatseka mafani, SSD ikatentha n'kudzichepetsera liwiro yokha, moti mayeso a m'mawa ndi a masana sagwirizana. Kugwedera nakonso. Mu 2008 Brendan Gregg, ali ku Sun, anajambulidwa akukuwira madisiki m'chipinda cha maseva, ndipo madisikiwo anachedwa kuyankha chifukwa cha mawu ake okha. Nanga seva imene mwaiika pathebulo logwedera, jenereta ikulira kuseri kwa khoma?

Pali chiyeso chimodzi chimene ndikuletseni ndi mawu amphamvu. Wina adzakuuzani kuti muike sync=disabled, ndipo zoonadi nambala zidzakwera mochititsa kaso. Tanthauzo lake n'lakuti seva iziuza database kuti zalembedwa pamene zidakali mu RAM. Magetsi akathima, UPS n'kulephera, zamasekondi omalizawo zapita, chonsecho kalaliki anauzidwa kuti zasungidwa ndipo wodwala wanyamuka kale kubwerera ku Kameme. Poyesa, mukhoza kuzimitsa sync kwa kanthawi pamalo oyesera okha, kuti muone ngati kuchedwa kukuchokera pamenepo. Mukatsimikiza, mankhwala ake ndi SSD yaing'ono ya SLOG yokhala ndi chitetezo cha magetsi akathima. Pa zolemba za anthu, lamulo la sync=disabled lisakhalepo ngakhale usiku umodzi.

Gulani kope la sukulu likhale pambali pa seva. Mulembemo tsiku, nthawi, lamulo lonse la fio mmene munalilembera, kudzaza kwa pool, kutentha kwa chipinda, ndi ngati munali pa ESCOM kapena pa jenereta. Mayeso alionse abwerezeni kangapo. Nambala zikasiyana kwambiri, kusiyanako ndiye nkhani yoyamba kuifufuza. Sinthani chinthu chimodzi, yesani, lembani, kenako china. Mukasintha zitatu pamodzi seva n'kuchira, simudzadziwa chimene chachiza, ndipo matenda akadzabweranso mudzayambira pachiyambi. Seva ikakhala yatsopano kapena ili bwino, iyeseni nthawi yomweyo, kuti mawa podzati ikuchedwa mudzakhale ndi poyerekezera. Kopelo lidzathandizanso amene adzabwere inu mutasamutsidwa.

Chomaliza, ana anga, fio ndi dd sizifunsa kawiri. Mukaziloza pa disiki yeniyeni, monga /dev/sdb, m'malo mwa fayilo yoyesera, zimalemba pamwamba pa zonse zili pamenepo. Yesani madzulo anthu ataweruka, mutauza abwana, backup mutaitenga ndi kuitsegula kuti muone ngati ikuwerengeka. Kalata yopempha madisiki muilembe pokhapokha mutatha kuloza chala pa chinthu chimodzi n'kunena kuti chikuchedwetsa ndi ichi, umboni wake nawu m'kope.