Wochiritsa ndi Wakupha, Dzina Limodzi

M'Chichewa muli liwu limodzi limene limandipatsa maganizo: mankhwala. Mapilitsi a malungo ndi mankhwala. Zothira m'chimanga kupha anankafumbwe ndi mankhwala. Munthu akafa imfa yokayikitsa pamowa, timanong'onezana kuti anamuthirira mankhwala. Makolo athu sanaone chifukwa chopatsa wochiritsa ndi wakupha mayina awiri, ndipo ine ndikuganiza kuti anaona patali.

Ife a lero tinalemba mzere. Mbali ino tinaikako mankhwala ozunguza bongo ndi anthu ake, amene timawaloza chala. Mbali inayo kuli mankhwala olemba adokotala, amene timameza mtima uli m'malo. Kodi mzerewu umalekanitsa chabwino ndi choipa, kapena chololedwa ndi choletsedwa chabe?

Ndikufunsa chifukwa mzerewu umasuntha. Mu 1898 kampani ya Bayer ku Germany inayamba kugulitsa heroin ngati mankhwala a chifuwa. Lero wopezeka naye amanjatidwa, pamene morphine, wochokera ku mbewu yomweyo, ndiye amapepuza ululu wa odwala khansa m'zipatala zathu. Nachonso chamba: mu 2020 Nyumba ya Malamulo ya Malawi inalola kuchilima pofuna mankhwala ndi zamafakitale, kusuta nkukhalabe mlandu. Tsamba silinasinthe, chinasintha ndi pepala.

Wina asandimve molakwa. Chamba sichinayere chifukwa cha lamulolo. Madokotala amachenjeza kuti wochiyamba ali wamng'ono, nkumasuta kawirikawiri, amakhala pachiopsezo chachikulu cha matenda a misala. Koma naye Panado wa pagolosale si switi. Munthu wamkulu sayenera kupyola mapilitsi 8 a mamiligalamu 500 patsiku. Akapyola kwambiri, chiwindi chimaonongeka mwakachetechete, ndipo zizindikiro zenizeni zimadza patapita masiku, madzi atafika kale m'khosi.

Nkhani imene imandivutitsa kwambiri ndi ya ku America. Mu 1996 kampani ya Purdue Pharma inatulutsa OxyContin, mankhwala amphamvu opha ululu, ndipo inauza madokotala kuti sakola munthu msanga ngati anzake. Odwala msana ndi ovulala pantchito anamwa mokhulupirira, poti analemba ndi adokotala. Thupi litazolowera linayamba kufuna ochuluka, ndipo pepala la kuchipatala litasiya kutuluka, ambiri anakagwera pa heroin wa mumsewu, kenako fentanyl. M'chaka cha 2021 chokha, anthu oposa 100,000 anafa m'dzikomo chifukwa cha mankhwala opyola muyezo, ambiri mwa iwo a mtundu umenewu.

Tsono wolakwa ndani? Ena amati munthu ali ndi ufulu wosankha, wameza yekha, alire yekha. Ndikuvomereza pang'ono, pakuti tikamulanda munthu udindo wonse tamusandutsa mbuzi yongokokedwa. Koma kusankha kumafuna kudziwa, ndipo pamene wina akudziwa, mnzake sakudziwa, mlandu sungalemere mofanana. Wogulitsa amene wabisa choonadi waba chisankho cha wogulayo piritsi lisanafike pakamwa.

Kwathu kuno mnyamata wopezeka ndi chamba m'thumba amagona m'chitokosi tsiku lomwelo. Mu 2007 kampani ija inavomera m'khoti kuti inanamiza anthu za kuopsa kwa OxyContin, ndipo inalipira pafupifupi madola 600 miliyoni. Akuluakulu ake atatu anavomeranso mlandu, koma palibe ndi mmodzi yemwe amene analowa m'ndende.