Jumbo ya Tomato Atatu

Ana anga a m'Mushili, ndi inu apongozi amene mumati za zinyalala n'za amayi, nkhani iyi ndi yanu nonse. Mvula ya Novembala ikagwa madzi n'kusefukira mpaka pakhonde, mumathamangira kunyoza khonsolo ya Ndola. Nayonso ili ndi milandu yake, sindikukana. Koma tsikirani m'ngalandemo ndi fosholo muone chimene chatseka njira ya madzi: jumbo ya tomato, botolo la maheu, kapepala ka sopo wa ufa, thewera la mwana lotupa ndi madzi. Chilichonse mwa izi chinatuluka pakhomo pa munthu, ndipo ena mwa makomo amenewo ndi anu.

Pamzere wathu pali nyumba ziwiri zimene ndikufuna muziyang'ane bwino. Ya kumunsi ndi ya mayi wamasiye amene akulera adzukulu. Akamapita kumsika wa Masala amanyamula dengu ndi chitenje chakale. Nyemba ndi kapenta amathiritsa m'zitini, masamba amamanga m'chitenje, mafuta ophikira amayezetsa m'botolo lomwelo mwezi ndi mwezi, makala amagulira m'ndowa. Mdzukulu akatumidwa kukantemba amatenga mbale yake, ndipo akabwera ndi jumbo amabwezedwa nayo. Ogulitsa poyamba ankawaseka. Lero akawaona amawonjezera basela, popeza jumbo nayenso wogulitsa amachita kugula.

Ya kumtunda ndi ya mnyamata wa ntchito yabwino, galimoto pakhomo. Loweruka lililonse amatsitsa majumbo a m'masitolo a m'tauni, buledi yakeyake, sopo yakeyake. Ukamuuza kuti anyamule chikwama amaseka, akuti kandalama kolipira jumbo n'kochepa. M'mawa mkazi wake amayatsira mbaula ndi pulasitiki, mwana ali kumsana. Madzulo amakoleza mulu wa zinyalala kuseri kwa nyumba, utsi wakuda n'kulowa m'mawindo a anthu. Zotsala amakankhira m'ngalande kukada, poganiza kuti sitiwaona. Timawaona.

Tsopano mverani chimene chinachitika mvula yamphamvu itagwa. Nyumba ya mnyamatayo ili pamtunda, madzi sanafikeko. Zinyalala zake zinatsetsereka n'kukaima pakamlatho ka kumunsi, madzi n'kubwerera m'nyumba ya mayi wamasiye uja. Ufa unanyowa, mphasa zinanyowa, makope a ana anayandama. Munthu amene sanataye jumbo ngakhale imodzi ndi amene anagona chiimire akutunga madzi ndi chidebe. Mnyamatayo m'mawa anadutsa pagalimoto n'kunena kuti pepani amayi, khonsolo yathuyi. Ineyo khalidwe limeneli ndimalitcha kuba, ngakhale palibe amene anathyola chitseko.

Musanene kuti boma silinachitepo kanthu. Mu 2007 Pulezidenti Levy Mwanawasa, yemwe bwalo lathu lalikulu la mpira kuno ku Ndola lili ndi dzina lake, anayambitsa ntchito ya Keep Zambia Clean and Healthy. Mu 2018 kunatuluka lamulo, Statutory Instrument nambala 65, loletsa majumbo opyapyala osakwana ma micron 30, aja amang'ambika usanafike pageti, ndipo a bungwe loona za chilengedwe la ZEMA ndiwo analandira udindo woliyang'anira. Kuyambira pamenepo masitolo akuluakulu anayamba kulipiritsa jumbo. Ku Malawi analetsa osakwana ma micron 60 mu 2015, opanga mapulasitiki n'kuthamangira kukhoti, mpaka Supreme Court inagamula mu 2019 kuti chiletsocho chikhale. Rwanda inaletsa mu 2008. Malamulo onsewa amafika kufakitale ndi kusitolo. Kukhitchini kwanu palibe wa ZEMA adzabwere, woyang'anira kumeneko ndinu bambo ndi mayi.

Ndipo nkhani si kunyowa kwa mphasa chabe. Mwaiwala kale kolera imene inayamba mu Okutobala 2023? Inapha anthu oposa 700 m'dziko muno. Bwalo la National Heroes ku Lusaka linasanduka chipatala, ndipo ana anu anakhala pakhomo mpaka Febuluwale 2024 sukulu zisanatsegulidwe. Jumbo payokha siibala kolera. Ntchito yake n'kutseka ngalande, madzi n'kudzaza zimbudzi zokumba, zonyansazo n'kulowa m'zitsime zosaya ndi m'mapaipi obowoka, kenako mwana n'kumwa. Madzi akaphwa amasiya zithaphwi, udzudzu n'kuswana, ndiye muyambe ulendo wa kukiliniki ndi malungo. Paja akuti mvula ikakuona litsiro sikata. Zinyalala zimene zapulumuka pakamlatho zimakathera mu Kafubu, mtsinje umene mzinda uno umamwa.

Za utsi ndilankhule ndi inu amayi. Pulasitiki ikamayaka imatulutsa poizoni, ndipo amene amaupuma kwambiri ndi amene wawerama pambaula akukupiza, ndi khanda limene wabereka. Tizitsotso ta chimanga, timitengo touma, kapepala ka nyuzi, zonsezi zimayatsa makala. Agogo anu ankayatsa ndi chiyani? Lekaninso kuvundikira mpunga ndi jumbo pamoto, chivundikiro cha poto chilipo.

Ndikudziwa kuti thumba la ufa la makilogalamu 25 si aliyense angalikwanitse. Masiku ena munthu umagula pamela, kajumbo kakang'ono ka ufa, kuti ana agone atadya, ndipo pamenepo sindidzudzula aliyense. Chimene chimandikwiyitsa ndi tomato atatu m'jumbo, anyezi awiri m'jumbo ina, zonsezo n'kuziikanso m'jumbo yachitatu, munthu akuchokera pamsika wapafupi ndi pakhomo, manja onse awiri ali bwinobwino. Umenewo si umphawi. Mayi wamasiye uja ndi wosauka kuposa nonsenu.

Inu abambo, chikwama cha kumsika sichichotsa ulemu. Chikolekeni pamsomali pafupi ndi chitseko, aliyense wotuluka achitenge, ndipo muyambe ndinu, chifukwa mwana wamwamuna amene sanaonepo bambo wake atanyamula dengu sadzalinyamula. Kuntchito tengani madzi m'botolo lanu ndi chakudya m'kontena. Mabotolo amene alowa kale m'nyumba tsukani mupatse amayi ogulitsa munkoyo. Makoko a nthochi ndi zotsala za ndiwo zipite kudzenje la kudimba, zikawolere komweko. Mukatero mudzaona kuti zoti n'kutayadi n'zochepa, zokwana m'saka imodzi, ndipo sakayo idikire otola zinyalala. Inde amalipiritsa, koma ndalama ya mowa wa Lachisanu imapezeka bwanji? M'chimbudzi musaponyemo pulasitiki, siiwola, dzenje limadzaza msanga ndipo opopa amavutika nalo.

Povuta ndi pa matewera, ndipo sindikunamizani. Otaya aja ndi opepuka kwa mayi amene amadzuka usiku, komanso pampopi madzi sabwera tsiku lililonse. Koma khanda limodzi limasintha kangapo patsiku, kwa zaka ziwiri kapena kuposa, ndipo thewera lililonse lili ndi pulasitiki ndi chimbudzi cha mwana m'kati, agalu n'kumalikokera pamsewu pamene ana anzake akusewera. Sungani otayawo kuti akhale a paulendo, a kutchalitchi ndi a kusikelo. Pakhomo mwana avale ansalu. Ndipo apongozi, musanagwedeze mutu kuvomereza, dziwani kuti ansaluwo amafuna madzi ambiri ndi sopo, ndipo wokatunga madziwo m'mawa musanapite kuntchito mukhala inu.