Kodi Tingapeke Nkhani pa Manda a Anzathu?

Pa 27 Januwale 1945 asilikali a dziko la Soviet Union adaloŵa m'ndende ya Auschwitz, ku Poland. M'ndende imeneyi mudafera anthu oposa 1,000,000, ambiri mwa iwo Ayuda. Pa nkhondo yonseyo ulamuliro wa Hitler udapha Ayuda pafupifupi 6,000,000. Chiŵerengero chotere chimatikulira. Makutu amachimva, koma mtima suchigwira, pakuti munthu amalira maliro a amene akumdziŵa dzina.

Nchifukwa chake alembi ena adasankha njira ya nkhani zopeka. Imre Kertész, Myuda wa ku Hungary, adatengedwa kunka ku Auschwitz mu 1944 ali ndi zaka 14, nasamutsidwira ku Buchenwald. Mu 1975 adatulutsa buku lonena za mnyamata wopeka wa ku Budapest amene azoloŵera nkhanza za m'ndende pang'onopang'ono, mpaka kuziwona ngati zamasiku onse. Poŵerenga timazindikira chinthu chimene manambala sangatiuze: kuti choipa chimaloŵa mwakachetechete, anthu nkumangochizoloŵera.

Komabe funso lilipo. Lamulo lachisanu ndi chitatu limatiletsa kuchita umboni wonama. Kodi wopeka nkhani pa masautso enieni sakuwanamizira akufa? Tiyeni tikumbukire mneneri Natani. Mfumu Davide ataphetsa Uriya, Natani sadayambe ndi kumuŵerengera milandu. Adamsimbira za mmphaŵi amene adalandidwa kankhosa kake kamodzi. Mmphaŵiyo anali wopeka, koma tchimo la Davide linali lenileni, ndipo nkhaniyo ndiyo idamtsekula maso. Tsono kupeka pakokha si bodza. Bodza limabwera pamene nkhani itichotsa pa choona m'malo motifikitsapo.

Chitsanzo ndi buku la John Boyne la mu 2006, The Boy in the Striped Pyjamas. M'menemo mwana wa mkulu wa ndende apalana ubwenzi ndi mwana wachiyuda pa mpanda wa waya, ndipo pomaliza afera limodzi. Ambiri adalira poliŵerenga. Koma zoona zake nzakuti ana aang'ono ochuluka ankaphedwa ndi mpweya wapoizoni tsiku lomwe afika, ndipo mpandawo unali wamagetsi, wolonderedwa usana ndi usiku. Choopsa china nchakuti misozi yathu imathera pa mwana wa wozunza, ngati kuti iye yekha ndiye adafa molakwika. Mu 2020 osunga malo a chikumbutso a Auschwitz adachenjeza ophunzira mbiri kuti asadalire bukuli.

Ife Akatolika nkhaniyi sitingaiwonere patali. Edith Stein Woyera adafera ku Auschwitz mu 1942 chifukwa anali wobadwa Myuda. Mu 1965 Msonkhano Wachiŵiri wa Vatican, m'chikalata cha Nostra Aetate, udatsutsa chidani chilichonse chochitira Ayuda, pambuyo pa zaka mazana ambiri zimene Akhristu ena adachifesa. Mlandu suwola, ndipo opulumuka otsala lero ndi oŵerengeka, okalamba ndithu. Iwo akadzatha, ana athu adzamva zambiri kuchokera m'mabuku ndi m'makanema.

Motero mwana akabwera ndi nkhani yotere pakhomo, tisamlande. Tikhale naye pansi, timfunse kuti mwa zimenezi zidachitikadi nziti, ndiponso kuti nkhaniyo ikutiliritsa yani. Kenaka timuuze dzina la mmodzi amene adakhalakodi, timpempherere pamodzi tisanagone.