KODI CHIMENE NDATAYA CHIKADALI CHANGA?



M'mwezi uno wa Ramadhani timasamala kwambiri za chimene chikuloŵa m'kamwa mwathu. Munthu amayenda mtunda kudzafunsa za dontho la madzi limene wameza mwangozi pochita udhu. Zimenezo nzabwino. Koma lero ndifuna tikambirane za chimene chikutuluka m'manja mwathu, ndiye kuti zinthu zimene timataya. Funso langa ndi limodzi basi: kodi chinthu ndikachiponya kudzala kapena mumtsinje, udindo wanga wathera pomwepo?

Funsoli linandibwerera chonchi. Tsiku lina madzulo, nthaŵi ya futari itayandikira, ndinakumana ndi mnyamata wamng'ono kuno kwa Mbenje akuchokera ku mjigo, kachigubu ka madzi kali m'manja. Pepala la pa kachiguboko linali lisanamatuke lonse, ndipo nditaŵerenga ndinaona kuti munali mankhwala opopera thonje. Mwanayo anati anakatola kudzala la anansi awo. Bambo ake anandiyankha mosadandaula kuti, "Shehe, tinakatsuka ndi sopo, fungo linatha." Mwini wake amene anakataya sankadziŵa nkomwe kuti katoledwa. Tsopano taganizani: mwana uja akadadwala, mlandu ukadakhala wa yani?

Tiyambe ndi kusiyanitsa zinyalala. Zambiri zimene timataya zimafa. Makoko a nthochi, mapesi, phulusa ndi ndowe zimaola nkusanduka chonde. Makolo athu ankadziŵa zinyalala za mtundu umenewu, nchifukwa chake dzala kwa iwo linali lokwanira. Koma zilipo zina zimene sizifa msanga, ndipo zimapitiriza kupweteka ngakhale zitatayidwa: mankhwala ophera tizirombo ndi ziŵiya zake, mabatire a galimoto ndi a sola amene ali ndi mtovu ndi asidi, oilo wakuda wotsala m'injini, majakisoni ogwiritsidwa kale ntchito. Kuno ku chigwa cha Shire kupopera thonje kunafala kwambiri kuyambira 1968, pamene ntchito yotukula ulimi wa thonje inakhazikitsidwa ku Ngabu. Masiku amenewo alimi ankapopera ndi DDT, mankhwala amene amakhala m'nthaka zaka zambiri. Lero tili ndi ena monga dimethoate ndi cypermethrin. Mankhwala anasintha, koma chizoloŵezi chathu cha kudzala sichinasinthe.

Pulasitiki imamwa mankhwala monga mmene mphika watsopano umamwera madzi. Mukatsuka, fungo limachoka, koma poizoni wina amatsala m'thupi la chigubu nkumatuluka pang'onopang'ono m'madzi, m'mafuta kapena mu mkaka umene mwathiramo. Mphuno siiona zimenezo. Choncho bambo uja sananame, anangokhulupirira mboni yosaona.

Munthu akataya chinthu chotere amadzitonthoza ndi mau atatu. Tiyeni tiwayese limodzilimodzi.

Oyamba ndi akuti, "Ndataya kutali." M'zaka za 1987 ndi 1988 amalonda ena a ku Italy anatumiza migolo zikwizikwi ya zinyalala za poizoni, matani pafupifupi 3,800, ku kadoko kakang'ono kotchedwa Koko m'dziko la Nigeria. Munthu wina wa pamudzipo anavomera kuisunga pabwalo pake pomlipira madola 100 pa mwezi, osadziŵa bwino chimene chinali m'katimo. Migolo inayamba kudontha padzuŵa, ndipo ena mwa anthu amene anatumidwa kukaichotsa anapsa khungu nadwala. Nkhani itamveka mu 1988, boma la Nigeria linaitanitsa kazembe wake ku Rome ndi kuumiriza kuti katunduyo abwerere kwawo. Sitima ina yotchedwa Karin B inayendayenda panyanja, madoko a ku Ulaya akuikana, mpaka inakafika ku Italy komwe zinyalalazo zinachokera. Choipa chitsata mwini. Chaka chotsatira, mu 1989, maiko anapangana pangano la Basel, ndipo Malaŵi inaloŵamo mu 1994. Mfundo yake njosavuta: zinyalala zoopsa zisatumizidwe kudziko lina popanda dzikolo kuuzidwa ndi kuvomera, ndipo zikatumizidwa mozemba zibwerere kwa eni ake. Mu 1991 maiko a mu Africa anaonjezera pangano la Bamako loletsa kubweretsa zinyalala zotere kuchokera kunja.

Tikamva nkhani ya Koko timakwiya, ndipo tiyeneradi kukwiya. Koma kodi chimene amalonda aja anachita nchiyani? Anasankha malo amene maso awo saona ndi anthu amene sadziŵa kuopsa kwake. Nanga ine ndikaponya botolo la mankhwala mumtsinje wa Lalanje kuti madzi apite nalo, ndasiyana nawo pati? Tasiyana kukula kwa katundu chabe. Malo amene ine ndikuwatcha kutali ndi pakhomo pa munthu wina. Kumunsi kwa mtsinje kuli mai akuchapa, kuli msodzi, kuli ng'ombe zikumwa.

Ndipo ife a kuno tikudziŵa kuposa aliyense kuti madzi saiŵala khwaŵa. Tinawaona mu Januwale 2015, mu Malichi 2019 nthaŵi ya Idai, mu Januwale 2022 nthaŵi ya Ana, ndi mu Malichi 2023 nthaŵi ya Freddy. Madzi osefukira safunsa kuti dzala ili ndi la yani. Amafukula zonse, za kudzala, za m'chimbudzi, za m'nkhokwe, nkukazisiya m'zitsime ndi m'madimba a anthu ena. M'chigwa chathu chino kukwirira chinthu sikutanthauza kuti chatha.

Mau achiŵiri ndi akuti, "Papita nthaŵi, zinatha kale." Mverani za tauni ya Kabwe ku Zambia. Kumeneko anakumba mtovu ndi zinki kwa zaka pafupifupi 90, ndipo mgodi unatsekedwa mu 1994. Milu ya zotsala za mgodiwo inasiyidwa pafupi ndi nyumba za anthu. Patatha zaka zoposa 20, ana obadwa mgodi utatsekedwa kale ankapezekabe ndi mtovu wochuluka m'magazi, chifukwa choseŵera m'fumbi. Mtovu suola. Umaononga ubongo wa mwana mwakachetechete: mwana amavutika kugwira za kusukulu ndi za ku madrasa, makolo nkumamukalipira kuti ndi waulesi. Mu 2020 anthu a ku Kabwe anakasuma kukhoti la ku Johannesburg. Mtovu womwewo ndi umene uli m'batire limene timaliswa pakhomo kuti tipeze zolemetsera ukonde, ana atakhala pambali akuonerera. Nthaŵi siichotsa mlandu ngati chinthucho chikupwetekabe. Imangosintha opwetekedwa, kuchoka kwa anzathu kupita kwa adzukulu athu.

Mau achitatu ndiwo ovuta kuwayankha: "Ine sindinafune kupweteka munthu." Nzoona, ndipo cholinga chili ndi kulemera kwake. Wothira poizoni m'chitsime mwadala ndi wotaya botolo mosasamala sali pa mlingo umodzi. Koma wokumba dzenje pakati pa njira nkulisiya losatseka sangadzipulumutse ponena kuti sanafune kuti munthu agweremo. Anadziŵa kuti panjira pamadutsa anthu. Ifenso tikudziŵa kuti kudzala kumapita ana, ndi kuti chigubu chili ndi ntchito pakhomo pa munthu wosauka. Amene sanamvepo ali ndi podzikanira. Koma inu amene mwaŵerenga kapepala kano mwamva, ndipo kuyambira lero simuli m'gulu la osadziŵa.

Ndiye yankho langa ndi ili. Chinthu chosapweteka ukachitaya, chachoka kwa iwe. Koma chinthu chopweteka chimakhalabe amana, choikizidwa m'manja mwako, kufikira utachithetsa mphamvu kapena utachipereka kwa munthu amene angachithetse mphamvu. Umwini umatha pakutaya, udindo suthera pomwepo. Phindu la thonje unalandira ndiwe. Si chilungamo kuti iwe utenge ndalama, chotsala chake chikagwere mwana wa mnzako amene sanalandire ngakhale tambala imodzi.

Wina anena kuti, "Shehe, mukulankhula ngati munthu wokhuta. Chigubu chatsopano nchandalama, ndipo malo otayira zinthu zotere sitiwaona." Mau ameneŵa sindiwapeputsa. Umphaŵi ndi umene umasandutsa chigubu cha poizoni kukhala chuma. Ndipo nzoona kuti katunduyu sayenera kusenzedwa ndi mlimi yekha. Wopanga mankhwala, woitanitsa, wogulitsa ndi boma, onse ali ndi gawo lawo, ndipo amene wapindula kwambiri gawo lake ndi lalikulu. Koma taŵerengani mtengo wa chigubu chatsopano, kenaka muŵerenge mtengo wa kabaza wa usiku wopita ku chipatala, ndi masiku ogona kumeneko pamene munda ukudikira. Chotsika mtengo nchiti? Ndipo kulephera kwa akuluakulu sikundipatsa ine chilolezo chopweteka mnansi wanga.

Malamulo a dziko lathu ali kumbali yomweyi. Lamulo la mankhwala ophera tizirombo la 2000 linakhazikitsa bungwe la Pesticides Control Board, limene lili ku Bvumbwe. Ntchito yake ndi kulembetsa mankhwala ololedwa m'dziko muno ndi kupereka ziphaso kwa ogulitsa. Choncho wogulitsa timapepala ta ufa wakuda wopanda dzina pamsika, umene timautcha tameki, akuphwanya lamulo, ndipo wogula akumuthandiza. Lamulo la zachilengedwe la 2017, limene linaloŵa m'malo mwa la 1996, linakhazikitsa bungwe la MEPA. Lamuloli likuti munthu aliyense ali ndi ufulu wokhala pamalo aukhondo ndi osadwalitsa, likuti woipitsa ndiye alipire zokonzera, ndipo likufuna chiphaso kwa wonyamula, wosunga kapena wotaya zinyalala zoopsa. Fakitale kapena munda waukulu ukamatayira zoipa kumene anthu amamwa, mudzi uli ndi ufulu wodandaula kudzera kwa mfumu, kwa a zachilengedwe a ku boma ku Nsanje kapena ku Chikwawa, mpaka kukhoti. Kudandaula kotere si kukonda milandu, ndi kuteteza moyo.

Komabe lamulo lilibe maso m'khola mwanu kapena kuseri kwa nyumba yanu. Kusala kwatiphunzitsa chinthu chimodzi chachikulu: munthu ali yekha m'nyumba, madzi ali pafupi, dzuŵa likuotcha monga limaotchera kuno, koma sakumwa ngakhale palibe womuona. Mtima womwewo ndi umene ukufunika pa nkhani ino.

Tsono tichite chiyani?

1. Gulani mankhwala kwa wogulitsa wa chiphaso, a m'botolo lake lenileni lokhala ndi pepala, ndipo mugule okwanira munda wanu kuti asatsale.

2. Musathire mankhwala m'botolo la zakumwa. Asungeni pamalo okwera ndi otseka, kutali ndi ufa ndi ana, pamene madzi osefukira sangafike msanga.

3. Botolo likatha, thiranimo madzi pang'ono, tsekani, khutchumulani, ndipo madziwo muwathire mu sipuleya kuti akapoperedwe m'munda. Chitani chonchi katatu. Kenaka boolani botololo pansi kuti wina asadzalitole nkutungiramo.

4. Musaotche ziŵiya zimenezi chifukwa utsi wake ndi woipa, ndipo musazitaye mumtsinje, m'dambo kapena pafupi ndi chitsime. Zisonkhanitseni m'thumba pamalo otseka, ndipo mufunse alangizi a zaulimi kapena wogulitsa za kumene zingabwezedwe.

5. Musatsukire sipuleya pa mjigo kapena padoko. Tungani madzi mukatsukire kumunda.

6. Batire lakutha musaliswe pakhomo. Lisungeni lathunthu, loimirira, kufikira mutalipereka kwa ogula mabatire akale.

7. Munthu akayamba kumva mutu, kutuluka thukuta ndi malovu ambiri, kusanza kapena kubanika atagwira mankhwala, muvuleni zovala, msambitseni ndi sopo, ndipo thamangirani naye ku chipatala mutanyamula botolo kapena pepala lake. Musamumwetse mkaka kapena kumusanzitsa. Ngati akusala, asaope kumasula kuti alandire chithandizo. Tsiku adzabweza, koma moyo subwezedwa.

Madzulo aja ndinapita ndi mnyamata uja kwa anansi amene anataya kachigubu. Sipanakhale mkangano. Bambo wa panyumbapo anachita manyazi, analoŵa m'khola natulutsa zigubu zina zinai zimene ankasunga kuti adzapatse achibale ngati mphatso. Tinaziboola zonse ndi msomali dzuŵa lisanaloŵe. Inunso, musanakhale pamphasa ya futari lero, yang'anani chiŵiya chimene muli madzi anu, ndipo maŵa mukayendere dzala lanu. Mukapezako chinthu chimene simungalole mwana wanu kuchitola, chichotseni, pakuti chikadali chanu.

Allah atikhululukire pa zimene tinapweteka nazo anzathu tisakudziŵa, ndipo alandire kusala kwathu.

Wassalamu alaikum.