Kodi Mwambo Wosadziwika Chifukwa Chake Utayidwe?

Makolo anasiya miyambi iwiri imene imamveka ngati ikutsutsana. Wina umati mawu a akuluakulu akoma akagonera, pamene unzake umati tsobola wakale sawawa. Woyambawo umalangiza kusunga zimene akale ankachita, koma wachiwiriwo umakumbutsa kuti zinthu zina zimatha mphamvu nthawi ikamapita. Pakati pa miyambi iwiriyi pali funso lovuta. Ngati mayi akuphika m'njira imene anaphunzira kwa agogo ake, koma sangathe kulongosola chifukwa chake, kodi chimene ali nachocho ndi nzeru kapena chizolowezi chabe? Mbiri ya chimanga ikhoza kuthandiza poyankha funsoli.

Ngakhale Amalawi amati chimanga ndi moyo, mbewuyi kwawo ndi kutali. Anthu a kummwera kwa dziko la Mexico ndiwo anayamba kuilima zaka pafupifupi 9,000 zapitazo, kuchokera ku udzu wa kutchire wotchedwa teosinte. Patapita nthawi, anthu a m'chigawocho anatulukiranso njira yokonzera chimangacho asanadye. Ankachiwiritsa m'madzi osakaniza ndi laimu kapena phulusa la nkhuni, n'kuchisiya m'madzimo usiku wonse. Kukacha ankachitsuka, n'kuchipera pamphero chikadali chonyowa, kenaka n'kuphika timikate topyapyala totchedwa tortilla. Chimanga chokonzedwa motero chimatchedwa nixtamal, dzina lochokera ku mawu a chiyankhulo cha Nahuatl otanthauza phulusa ndi phala lolimba la chimanga. Amayi amene ankagwira ntchitoyi ankaona kuti khungu la chimanga likusupuka msanga ndiponso kuti phalalo likugwirana bwino. Za mavitamini sankazidziwa.

Christopher Columbus atafika ku America m'chaka cha 1492, chimanga chinawoloka nyanja kupita ku Ulaya, ndipo pambuyo pake Apwitikizi anachifikitsa m'magombe a Africa. Alendowo anatenga mbewu koma anasiya kaphikidwe. Kwawo anali ndi zigayo za tirigu, choncho anangogaya chimanga chouma monga ankachitira ndi tiriguyo. Poti mbewuyi inkabereka kwambiri, inasanduka chakudya cha amphawi, ndipo ambiri a iwo ankadya phala la chimanga m'mawa, masana ndi madzulo popanda ndiwo zokwanira.

Zotsatira zake zinali zomvetsa chisoni. M'chaka cha 1735, dokotala wa ku Spain, Gaspar Casal, anafotokoza za nthenda yachilendo pakati pa alimi osauka a m'dera la Asturias. Anthu a ku Italy anaitcha pellagra, kutanthauza khungu lokakala. Wodwala nthendayi amathetheka khungu m'malo owombedwa ndi dzuwa monga m'khosi ndi m'manja, amatsegula m'mimba, amasokonekera mutu, ndipo akapanda kuthandizidwa amamwalira. Kummwera kwa dziko la United States nthendayi inagwira anthu pafupifupi 3 miliyoni ndi kupha pafupifupi 100,000 pakati pa 1906 ndi 1940.

Kwa zaka zambiri ophunzira anakangana za gwero lake. Ena ankati ndi chimanga chowola, ena ankati ndi tizilombo topatsirana. M'chaka cha 1914 boma la United States linatuma dokotala Joseph Goldberger kukafufuza. Iye anaona kuti m'nyumba zosungira ana amasiye ndi m'zipatala za odwala misala, osungidwawo ankadwala koma antchito owasamalira sankadwala. Atawonjezera mkaka, mazira ndi nyama pa chakudya cha anawo, nthendayo inatha. M'chaka cha 1937 Conrad Elvehjem anapeza kuti chosowacho chinali vitamini wotchedwa niacin. Kenaka zinadziwika kuti m'chimanga vitaminiyu alimo, koma ndi womangika mwakuti thupi limalephera kumugwiritsa ntchito, ndipo madzi a laimu kapena a phulusa ndiwo amamumasula. Chimene madokotala anachifunafuna kwa zaka 200, amayi a ku Mexico ankachichita tsiku ndi tsiku pamafuwa.

Apa pakuoneka kuti munthu akhoza kuchita choyenera asanadziwe chifukwa chake. Mwambo wa kukhitchini kawirikawiri umakhala chipatso cha kuyesa ndi kuona kwa mibadwo yambiri, ndipo chimene chinkadwalitsa anthu chinkasiyidwa pang'onopang'ono. Pakuonekanso kuti kunyoza mwini chinthu kumabweretsa tsoka. Amene anagonjetsa dziko la Mexico anasirira golide ndi mbewu zake, koma eni dzikowo ankawayesa anthu otsika oti sangaphunzitse mlendo kanthu. Safunsa anadya phula. Koma pankhani iyi amene sanafunse anali ena, ndipo amene anadya phulalo anali alimi osauka amene sanapalamule kanthu.

Nkhaniyi inakhudzanso Malawi. Mabanja a kuno sakonza chimanga ndi laimu, koma ali ndi chitetezo chawo m'mbale ya ndiwo: nyemba, nandolo, usipa, matemba ndi masamba otendera nsinjiro. Mtedza uli ndi niacin wambiri. Kufunika kwake kunaoneka m'chaka cha 1990, pamene anthu othawa nkhondo ya ku Mozambique anali m'misasa m'dziko muno. Mtedza utasiya kufika pa chakudya chimene ankalandira, anthu oposa 18,000 anadwala pellagra pakati pa February ndi October chaka chimenecho. Mayi wotendera nkhwani mwina amangofuna kuti ndiwo zikome, komabe amateteza banja lake ku nthenda imene dzina lake sanalimvepo.

Komabe kungakhale kulakwa kuganiza kuti mwambo uliwonse ndi wabwino chifukwa choti ndi wakale. Phulusa lomwelo limene limakonza chimanga ku Mexico, kuno amachezera chidulo chophikira therere ndi masamba ena. Chidulocho chimafewetsa ndiwo, koma chimawononga ena mwa mavitamini ake. Ufa woyera umakondedwa chifukwa nsima yake ndi yosalala, koma pokonola ndi poviika mphale, zambiri zomanga thupi zimapita ndi gaga ndi madzi, pamene mgaiwa umazisunga. M'madera ena ana ndi amayi oyembekezera ankaletsedwa kudya mazira, chonsecho iwowa ndiwo amasowa kwambiri chakudya chotere. Miyambo yotereyi ndiyo tsobola wakale uja. Kuisunga chifukwa choopa kukhumudwitsa akuluakulu n'kulola kuti ofooka avutike.

Nanga munthu angasiyanitse bwanji mwambo wopulumutsa ndi mwambo wopweteka, poti yonse imabwera ndi mawu amodzimodzi akuti makolo ankatero? Ukale wa mwambo sungayankhe funsoli, ndiponso kulephera kwa agogo kufotokoza chifukwa chake si umboni woti chifukwacho palibe. Chofunika ndi kufunsa modzichepetsa, kuyang'anitsitsa zimene zimachitikira osunga mwambowo ndi ousiya, ndi kuuyesa monga Goldberger anayesera chakudya cha ana amasiye aja. Udindo woyamba uli pa wofuna kutaya, chifukwa chotayidwa sichibwerera msanga, ndipo zowawa zake nthawi zambiri zimagwera ena.

Choncho wophunzira amene wadziwa za mavitamini m'kalasi ali ndi ngongole ziwiri. Ayenera kukhala pansi kukhitchini ndi kufunsa agogo ake mmene amaviikira chinangwa, mmene amafutsira masamba ndi nthawi imene amathira nsinjiro, nzeruzo zisanapite nawo kumanda. Ayeneranso kulimba mtima n'kunena mwaulemu pamene mwambo ukumana mwana dzira. Akachita zonse ziwiri, miyambi iwiri ija imaleka kutsutsana m'nyumba mwake.